Kope la maliro lizitsegulidwa munthu akadali moyo

Pa 1 Januwale, m'timakwalala ta ku Ndirande, Chinsapo kapena Chikanda, mbale zimayenda. Mwana wavala malaya a pa Khrisimasi, wanyamula mbale yovundikira ndi inzake, akudumpha zithaphwi kulowera kuseli kwa aneba. M'katimo muli mpunga ndi nthuli ziwiri za nkhuku. "Amayi akuti mulaweko." Mbaleyo sibwerera yopanda kanthu: kukasowa mpunga, mulowa mango kapena zitumbuwa. Usiku wathawo anthu omwewa achezera pamodzi, ena kutchalitchi kudikira 12 koloko, ena panja kuphulitsa makombola ndi kumenya zidebe. Ngakhale aja anatha chaka osalankhulana chifukwa cha mbuzi yomwe inadya mbewu, tsikuli amafunsana kuti mwawoloka bwanji.

Mwambowu ndimaukonda ndipo sindikufuna uthe. Chomwe ndimakana ndi kuutenga ngati umboni woti tidakali anthu okondana. Pa Nyuwere kupatsa sikuvuta. Banki m'khonde yangogawana kumene, apantchito alandira msanga malipiro a Disembala, achimwene a ku Joni atumiza kangachepe pafoni. Unansi umaoneka pakadutsa masabata atatu, mpunga utatha, mabotolo a Fanta atabwezedwa kugolosale, mwezi usakuyenda.

Januwale ndi mwezi wolemera pamsana pa Mmalawi. Sukulu zatsegulira, ana akufuna makope, nsapato ndi yunifolomu, ndipo amene ana awo ali kusukulu yogonera konko akusaka fizi. Kumunda chimanga chafika m'mawondo, chikufuna kupalira, kubandira ndi feteleza wobereketsa, zonse nthawi imodzi. M'nkhokwe mwatsala zitsononkho. Malungo nawo ndiye nyengo yake. Mvula itavuta kamba ka El Niño mu 2024, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, ndipo kauniuni anaonetsa kuti anthu pafupifupi 5.7 miliyoni adzafuna thandizo la chakudya kuyambira Okutobala chaka chimenecho mpaka Malichi 2025. Chiwerengero chotere timachimva pawailesi n'kupukusa mutu, ngati kuti anthuwo amakhala kwina kutali. Amakhala kuseri kwa bafa lathu, nyumba yachitatu kuchoka pachitsime, ndipo ena mwa iwo ndi omwe aja anatibwezera mbale ili ndi mango.

Taonani momwe ganyu amayendera mwezi umenewu. Mayi wamasiye yemwe ufa wamuthera amalawira ndi khasu kukapalira munda wa mnzake wopezako bwino. Amamuyezera mizere, amagwirizana mtengo, ndipo dzuwa likapendeka amabwerako ndi kambale ka chimanga kapena gaga. Ana adya usiku umenewo. Mawa apitanso, mkuja apitanso. Masiku onsewo munda wake uli m'tchire, udzu ukupikisana ndi chimanga chomwe sichinaoneko ndi feteleza yemwe. Akadzapeza mpata wolowa m'munda mwake, chimanga chachita chikasu, nthawi yadutsa. Mu Meyi akolola madengu owerengeka, pofika Okutobala atha, ndipo Januwale winayo ali pakhomo lomwe lija ndi khasu lomwe lija. Mwini munda uja amagona mtima uli m'malo, amati ndamuthandiza, ndamupatsa ganyu. Kunena zoona wamuthandizadi kuti asagone ndi njala. Koma wagulanso motchipa masiku omwe akanapulumutsa munda wa mnansi wake, ndipo mtengo wa ganyu umagwa ndendende pamene anjala achuluka. Pakafika povuta kwambiri pamabwera katapila: kongola ndowa imodzi lero, udzabweze ziwiri pokolola, mwinanso kupinyolitsa dimba.

Tsono mayi yemweyu atati wamwalira usiku wa lero, mudzaone mmene mudzi ungadzukire. Kusanache uthenga wafika kwa mfumu. Anyamata atumidwa panjinga kumidzi yoyandikana. Nthambi zamasamba zaikidwa pamsewu kuti wapanjinga atsike, wagalimoto achepetse liwiro. Adzukulu anyamula makasu ndi mapiki kulunjika kumanda. Amayi azungulira khomo ndi khomo ndi lichero, nyumba iliyonse ikuthira mbale ya ufa, ina nyemba, ina mtolo wa nkhuni. Pansi pa mtengo wakhala bambo wina ndi kope ndi cholembera, akulemba dzina ndi ndalama ya aliyense, ndipo pamwambo adzawerenga mokweza: a kumpingo apereka mwakuti, a banki m'khonde mwakuti, anzake a kuntchito a mwana wawo mwakuti. Bokosi lipezeka. Galimoto ipezeka. Nsima iphikidwa m'miphika ikuluikulu, ndipo ana a malemu, amene akhala akugonera mango owiritsa, adya n'kukhuta kwa nthawi yoyamba mwezi umenewo.

Palibe bungwe la boma kapena lakunja lomwe lingasonkhanitse chakudya, ndalama ndi anthu ogwira ntchito mofulumira chotero, popanda alawansi ngakhale ya tambala. Ndi luso lalikulu lomwe tili nalo, ndipo silinafe ngakhale m'tauni. Ku Area 25 kapena ku Bangwe mfumu ya m'dera ili ndi kope lake, uthenga umayenda pa WhatsApp, chipepeso chimalowa pa Airtel Money ndi pa Mpamba. Funso langa ndi limodzi: bwanji makina amphamvu chonchi timawaliza pokhapokha munthu watsikira kuli chete?

Zifukwa zake zilipo ndipo si zopusa. Imfa sibisika, pomwe njala imabisala. Munthu amalolera kutereka mphika wa madzi okhaokha kuti utsi utuluke, aneba asadziwe kuti lero sikunaphikidwe. Pamaliro wolandira sachita manyazi chifukwa aliyense akudziwa kuti tsiku lake likubwera, chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe. Pa njala timaganiza kuti ena ndiwo amagwamo, ife ayi, ndipo timayamba kaye taweruza: ameneyu ndi waulesi, uyu anagulitsa feteleza wa makuponi, uyu mwamuna wake amathera ku kachasu. Komanso maliro ali ndi chilango. Ukamajomba maliro a anzako, tsiku lako likafika adzukulu amakhala pansi mpaka ulipe nkhuku kapena ndalama kwa mfumu. Pa kudyetsa wamoyo palibe chindapusa. Ukhoza kudya nyama ya mbuzi mnansi wako akugona ndi njala, mawa n'kukhala pampando wakutsogolo kutchalitchi popanda wokufunsa.

Ndiye zimene ndikunena si zoti tisinthe mitima, ulaliki umenewo taumva mokwanira usiku wa pa 31. Ndikunena zoti tibwereke dongosolo. Kope lomwe lija lili ndi dzina la banja lililonse m'mudzi. Mfumu, nduna zake ndi amayi awiri atatu amene amayenda ndi lichero aja akudziwa bwino lomwe nyumba zimene utsi wake ndi wonamizira. Sabata yoyamba ya Januwale, anthu asanaiwale kuti anapatsana moni wa chaka, mudzi ukhale pansi ndi kope limenelo ndipo usankhe makomo ochepa oti awagwire dzanja mpaka chimanga chachiwisi chitayamba kudyedwa mu Malichi. Mbale ya ufa ija, yomwe sitiiwerengera pakagwa zovuta, iziyenda kamodzi pa sabata. Anyamata amene amakumba manda kwaulere apatule m'mawa umodzi wa Loweruka kukapalira munda wa agogo kapena wa mayi wodwala. Makolo athu ankachita zimenezi pa dima: mwini munda afulula thobwa kapena mowa, mudzi wonse ulowa m'munda ndi nyimbo, pofika masana ntchito ya masabata awiri yatha. Dima linazilala pamene khasu lililonse linayamba kuwerengedwa ndalama, koma anthu olidziwa akadalipo, ndipo thobwa silinakwere mtengo ngati feteleza.

Banki m'khonde nayo ili ndi mbali yake. Magulu ambiri amagawana mu Disembala, ndipo cholinga chake n'chomveka, kuti anthu agule zipangizo za ulimi. Koma tonse taona kumene gawo lina la ndalamazo limapita: zitenje zofanana za gulu, makireti a zakumwa, phwando lotsekera chaka. Kenako gulu limayambiranso mu Januwale thumba lili pululu, mwezi womwe mamembala akufunitsitsa ngongole. Magulu amenewa ali kale ndi kathumba ka zadzidzidzi komwe amasonkha padera. Nthawi zambiri kamatuluka pa maliro ndi pa matenda ogonetsa m'chipatala. Palibe lamulo loletsa gulu kugwirizana kuti pogawana mu Disembala lisiyeko matumba awiri a chimanga, ogulidwa nthawi yokolola chikadali chotchipa, oti membala akapanikizika mu Febuluwale atapeko n'kudzabweza muyezo womwewo, wopanda chiwongoladzanja. Zimenezi zikhoza kulanda msika wa akatapila kuposa mmene apolisi angachitire.

Ndikudziwa zimene ena anene. Choyamba, akuti tonse ndife osauka, wakhungu sangatsogolere wakhungu mnzake. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kuchokera apo mtengo wa sopo, mafuta ophikira ndi shuga sunabwererenso m'mbuyo. Zoona. M'chaka cha chilala chenicheni, pamene mudzi wonse nkhokwe zagwa, mbale ya ufa singachokere kulikonse, ndipo pamenepo ndi ntchito ya boma basi. Koma zaka zambiri sizikhala choncho. M'mudzi womwewo mumakhala wina amene wasunga matumba makumi awiri kudikira kuti mtengo ukwere mu Febuluwale. Ndipo umphawi womwewu sunatilepheretsepo kuika maliro. Sindinamvepo mudzi umene unasiya mtembo m'nyumba ponena kuti kwacha yagwa.

Chachiwiri ndi cholemera, ndipo ndimachilemekeza. Akuti mukamalimbikitsa anthu kudyetsana okha, mukupeputsira katundu boma lomwe limatolera misonkho. Kuli Mtukula Pakhomo, yemwe anayambira ku Mchinji mu 2006. Kuli nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, DoDMA, yomwe imagawa chimanga nyengo ya njala. Kuli ADMARC, yomwe inayenera kukhala ndi chimanga m'misika yake pamene anthu akuchifuna. Zonsezi tizifunse, ndipo tizifunse mokweza, kwa khansala ndi kwa phungu. Koma aliyense amene anakhalapo pamzere wa chimanga cha thandizo akudziwa kuti mayina amalembedwa miyezi ingapo m'mbuyo, galimoto imafika mochedwa kapena kutitimira m'matope panjira, ndipo nthawi zonse pamakhala wina woyenera amene dzina lake silinatuluke. Pakati pa tsiku lomwe ufa watha ndi tsiku lomwe lole yafika pali masabata, ndipo m'masabata amenewo amene ali pafupi ndi mnansi.

Namondwe wa Freddy anationetsa zimenezi mopweteka mu Malichi 2023. Matope ndi miyala zitatsika m'phiri la Soche usiku n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, oyamba kufukula anali anthu a pompo, ndi makasu, mafosholo ndi manja, mvula ikugwabe. Ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, kumene milatho inakokoloka, midzi ina inakhala masiku thandizo lakunja lisanafike, ndipo opulumuka anasungidwa ndi anzawo a kumtunda. Kenako anthu wamba m'mizinda anasonkha zovala, ufa ndi ndowa. Palibe anayembekezera kalata ya kwa DC kuti ayambe. Komatu taonani, apanso chinatidzutsa ndi imfa.

Pali chizolowezi china chomwe chinatilowa, chomati ntchito ya pagulu ndi ya malipiro. Akuluakulu amakumbukira Sabata ya Achinyamata ya nthawi ya Kamuzu Banda, pamene ana asukulu ndi achinyamata ankalambula misewu, kukonza milatho ndi kumangira nkhalamba nyumba. Sindikuilira nthawi imeneyo, chifukwa kuseri kwa ntchitoyo kunali mantha ndi chikakamizo, ndipo n'chifukwa chake itatha ulamuliro wa chipani chimodzi mu 1994 anthu anaitaya pamodzi ndi makadi a chipani. M'malo mwake munabwera ntchito za MASAF zolipira, kenako misonkhano ya mabungwe ya alawansi ndi botolo la chakumwa. Lero ukaitana anthu kuti tikatseke dzenje pamsewu wathu womwe, funso loyamba ndi lakuti kuli kangati. Mu 2020 boma linakhazikitsa tsiku losesa, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Miyezi yoyamba tinaona akuluakulu atagwira matsache pamaso pa makamera, kenako zinangozilala. Chinthu cholamulidwa kuchokera ku Capital Hill chimatha tsiku lomwe olamulawo atopa nacho. Maliro sanalamulidwe ndi nduna iliyonse, n'chifukwa chake akuyendabe.

M'tauni nkhani ya Januwale ndi madzi. Ngalande zadzaza mapepala apulasitiki, matewera ndi mabotolo a chikondwerero chomwe chija, ndipo mvula yamphamvu ikagwa madzi amalowa m'nyumba ya amene ali kumunsi, yemwe nthawi zambiri ndi wa lendi. Wa kumtunda wamanga mpanda wa njerwa, waika magalasi osweka pamwamba, watulutsa paipi ya madzi akubafa kulozetsa panjira, ndipo za kunja kwa geti sizimukhudza. Kolera sadziwa mpanda. Mliri womwe unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda wa Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira chifukwa cha matendawa. Mtsikana wantchito, mlonda ndi mayi wogulitsa tomato pageti amachokera kunja kwa mpandako tsiku lililonse. Gulu la WhatsApp la m'dera, lomwe pa Nyuwere limadzaza ndi zithunzi za maluwa ndi mavesi, likhoza kugwira ntchito yoitanira anthu ku ngalande Loweruka m'mawa. Bwana amene msana sulola kugwira fosholo agule magolovesi ndi kubwereketsa wilibala, koma atulukeko ndithu, aneba amuone nkhope. Anthu ena akhala moyandikana zaka zambiri akudziwana ndi mtundu wa galimoto basi.

Ndisanamizire kuti mudzi ukasonkhana nthawi zonse umachita zabwino. Khamu lomwe limanyamula bokosi ndi lomwenso limanyamula miyala. Mu Januwale 2016 ku Neno, mphenzi itapha mtsikana, anthu anapha nkhalamba zinayi poziganizira ufiti. Opha aja sanali alendo. Pa njala ya 2002, anthu ogwidwa akuba chimanga chachiwisi m'minda ankamenyedwa mwankhanza ndipo ena anavulazidwa moti sanachirenso, ndi anthu owadziwa mayina ndi makolo awo. Nyengo ya mvula ndi njala ndi imene mitima imafupika, mphenzi zimagwa, ana amadwala malungo, ndipo chala chimaloza kwa gogo wokhala yekha kumapeto kwa mudzi. Apa ndi pamene ndimaona phindu lina la kope lija. Nkhalamba yomwe mudzi waipalirira munda, yomwe ana amaipititsira ufa Lachitatu lililonse, ndi yovuta kuitcha mfiti mwana akadwala. Amene timamutaya ndi amene timayamba kumuopa.

Pali ngozi inanso yomwe ndiyenera kuitchula, yoti thandizo lotere likhoza kusanduka chida cha mfumu yokondera kapena cha wandale. Taona mmene mayina a makuponi amalembedwera m'midzi ina, abale a mfumu patsogolo. Mankhwala ake ali kale pamwambo wa maliro: zonse zimawerengedwa poyera. Wapereka ndani, zalowa zingati, zatuluka zingati. Kusiyana kwake n'kwakuti dzina la wolandira lisamawerengedwe pagulu, chifukwa munthu wamoyo ali ndi manyazi amene mtembo ulibe. Amayi a Mvano ndi a Chigwirizano, a Dorika, a m'miphakati ya Chikatolika ndi amayi a Dawa kumzikiti amadziwa kale kulowa m'nyumba ya munthu ndi kaphukusi kumsana ngati akudzangocheza, n'kukasiya kukhitchini osanena kanthu. Ntchito yonyamula ikhale yawo. Mfumu ingoitanitsa ndi kuonetsetsa kuti nyumba ya wa mpingo wina, kapena wosapemphera konse, isadumphidwe, chifukwa vuto la magulu a mipingo ndi lakuti amaona msanga njala ya membala wawo.

Nanga waulesi uja, amene anagulitsadi feteleza n'kumwera? Ameneyo alipo, sindikukana. Mudzi umamudziwa, ndipo ukhoza kumuuza kuti Loweruka agwire nawo khasu m'munda mwa agogo ngati akufuna kuti mbale ifike kwake. Koma ana ake sanagulitse feteleza. Ndipo bambo yemweyo akadzamwalira ndi kachasu wakeyo, tidzasonkha ufa, tidzakumba manda, tidzagona pasiwa usiku wonse tikuimba, popanda wofunsa ngati anali wolimbikira. Ngati sitimuyesa mayeso pa tsiku limenelo, sindikuona chifukwa choyesera ana ake mu Febuluwale.

Kwa amene mumalemba ganyu mwezi uno, pali chinthu chimodzi chomwe simufunika kudikira msonkhano wa mfumu. Lipirani ndi chimanga chenicheni, osati gaga wa nkhumba, pa muyezo womwe mukanafuna mutakhala inu. Ndipo mayi uja akapalira kwanu masiku awiri, lachitatu muuzeni akagwire kwake, mumupatsiretu ufa wa tsiku limenelo. Mizere yanu yotsalayo ipalidwa mkuja, chimanga chanu chili ndi feteleza, chipirira.